Mayeso olembera kunyumba kope lili chitsegulire: kubera kapena nzeru?

M'chaka cha 1995 kunyanja ya Chiuta, m'boma la Machinga, kudachitika zinthu zomwe akatswiri a zausodzi akhala akuzilemba kufikira lero.

Asodzi a m'midzi yozungulira nyanjayi, omwe ankadalira matchera, miono ndi mbedza, adatopa nawo anzawo obwera omwe ankakoka makoka a nkacha. Dandaulo lawo lidali loti nkacha imakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, imavundula madzi omwe anthu ankamwa, komanso eni ake ankagulitsa nsomba motchipa mwakuti msodzi wa matchera ankabwerera kunyumba ali chimanjamanja.

Osadikira kuti boma liwauze chochita, asodziwo adakhazikitsa makomiti awoawo m'madooko ndipo adapirikitsa a nkachawo.

Ena mwa anthu omwe adachita nawo zimenezi akadali moyo, kungoti mitu idayera. Adzukulu awo ndi omwe lero ali Fomu 3 ndi Fomu 4 m'sukulu za kwa Ngokwe, kwa Chikweo, ku Nayuchi ndi pa Ntaja.

Mutamufunsa mmodzi mwa ana amenewa kuti pangano la Versailles lidasainidwa liti, ngati ndi wolimbikira sukulu akuyankhani mosadodoma kuti 1919. Koma mufunseni za nkacha ya mu 1995, nkhani yomwe idachitikira padooko pomwe amakachapa yunifolomu yake, mwina angokuyang'anani kukamwa kuli yasa.

Si kuti mwanayo ndi mbuli ayi. Palibe yemwe adamufunsapo funso lotere, ndipo pasukulu chinthu chomwe sichibwera pamayeso chimaoneka ngati chongotayitsa nthawi.

Apa mpomwe pagona nkhani ya mayeso olembera kunyumba, yomwe aphunzitsi a phunziro la History m'maiko osiyanasiyana akhala akuitembenuza uku ndi uku. M'malo mosonkhanitsa ana m'kalasi, kuwalanda makope, n'kuwapatsa ola limodzi kuti alavule zomwe adaloweza, mphunzitsi amapereka funso limodzi kapena awiri Lachisanu. Mwana amapita nalo kwao. Ndi wololedwa kutsegula kope lake la manotsi, kuwerenga buku ngati alipeza, kufunsa agogo ake ngakhale oyandikana nawo nyumba. Yankho amabwera nalo sabata yotsatira, ndipo malikisi ake amawerengedwa ngati a mayeso ena aliwonse a m'kalasi.

Njira ina yofananako ndi yolembera m'kalasi momwemo, koma kope lili chitsegulire padesiki.

Kwa kholo lomwe lidalemba mayeso nthawi ya Kamuzu, pomwe kungotembenuka khosi m'chipinda cholembera udali mlandu, izi zikumveka ngati kuloleza likasa dzuwa likuswa mtengo. Nanga mayeso n'chiyani ngati mwana akuonera?

Funsoli ndi lomveka, koma ndi bwino kuyamba taona zomwe mayeso a masiku onse amayeza.

M'sukulu zambiri zoyendera, zija zimatchedwa ma CDSS, mabuku a History ndi owerengeka. Mphunzitsi amalemba manotsi pabolodi, kapena kupereka kope lake kwa mwana wolemba bwino kuti akopetse anzake. Ana onse m'kalasimo amakhala ndi manotsi amodzimodzi, mawu ake omwewo, nthawi zina ndi zolakwika zomwezo. Mayeso akayandikira, aliyense amakhala pansi pa mtengo n'kumalakatula: zifukwa zisanu zomwe zidayambitsa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, zotsatira zinayi za kubwera kwa Angoni. Tsiku la mayeso amazitsanulira papepala. Pakatha milungu iwiri zambiri zauluka.

Woloweza bwino ndiye amakhoza. Koma History si mpikisano wa kuloweza. Ntchito ya katswiri wa mbiri yakale ndi kufunsa, kumva mbali zingapo, kuona pomwe onena akusemphana, n'kugamula kuti chomveka n'chiti ndipo chifukwa chake n'chiyani. Palibe katswiri yemwe amagwira ntchito imeneyi mabuku atatsekera m'kabati.

Chodabwitsa n'choti ana amaphunzira zimenezi akangofika ku sekondale. Mutu umodzi woyambirira m'phunziroli ndi wa komwe mbiri imachokera: zonena za akuluakulu, zolembedwa, ndi zofukulidwa pansi. Pamayeso mwana amafunsidwa kuti atchule ubwino uwiri ndi kuipa kuwiri kwa mbiri yapakamwa. Amatchula, n'kupata malikisi onse anayi, chonsecho sadakhalepo pamphasa ndi nkhalamba ngakhale imodzi kuti aifunse kanthu. Zili ngati kupereka laisensi kwa munthu yemwe amatha kutchula ziwalo zonse za galimoto koma sadagwirepo chiwongolero.

Mayeso odalira kuloweza ali ndi chilema china chomwe Amalawi adachiona ndi maso awo mu 2020. Chaka chimenecho sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi kaamba ka mliri wa Covid-19, ndipo makalasi olemba mayeso adabwerera pa 7 Sepitembala. Mayeso a MSCE atangoyamba, mapepala ena adapezeka akuyenda pa WhatsApp tsiku lolemba lisadafike. Pa 4 Novembala nduna ya zamaphunziro pa nthawiyo, Agnes NyaLonje, idalengeza kuti mayesowo ayimitsidwa. Adalembedwanso mu Januwale 2021, asilikali a nkhondo akulondera mapepala, ndipo zotsatira zitatuluka adakhoza adali ophunzira 41 okha pa 100 aliwonse.

Mwana wosalakwa wa ku Chiuta, yemwe mwina alibe n'komwe foni ya WhatsApp, adalangidwa limodzi ndi akuba a m'tauni.

Funso lomwe yankho lake limakwana pakapepala kobisa m'sokosi ndi losavuta kuba. Koma taganizirani funso ili: “Funsani anthu awiri a m'mudzi mwanu omwe adaona kuthamangitsidwa kwa asodzi a nkacha. Lembani zomwe aliyense wanena, sonyezani pomwe akusiyana, ndipo fotokozani chomwe mukuganiza kuti chikuwasiyanitsa.” Funso limeneli ngakhale litamatidwa pamtengo wa pamsika wa Ntaja mwezi wathunthu mayeso asadafike, palibe chomwe chabedwa. Mwana ayenerabe kupita kukafunsa.

Ndipo akapita sakamva nkhani imodzi. Zolemba za akatswiri, monga Dr Friday Njaya yemwe wakhala akufufuza za usodzi wa pa Chiuta, zimasonyeza kuti nkhaniyi idagawa anthu. Padali kudandaula kuti mafumu ena ankaikira kumbuyo a nkacha chifukwa ankalandirako nsomba. Msodzi wa matchera afotokoza ngati tsiku lomwe anthu wamba adaombola nyanja yawo. Mayi yemwe ankapikula nsomba zotchipazo kukagulitsa ku Liwonde atha kukumbukira kuti geni yake idalowa pansi. Wa kubanja la mfumu anena zake. Wina akumbutsa kuti nyanjayi ili m'malire, madzi ake amapita ku Amaramba mpaka mumtsinje wa Lugenda ku Mozambique, ndipo lamulo lomwe asodzi a mbali ya Malawi adagwirizana silidamange anzawo a tsidya linalo, zomwe zidabweretsa mikangano ina pambuyo pake.

Mwana wa zaka 16 yemwe wamva mbali ziwiri mwa zimenezi, n'kukhala pansi kuganiza kuti nanga bwanji anthu awiri omwe adali pamalo amodzi chaka chimodzi akunena zosiyana, wachita History yeniyeni kuposa mnzake yemwe waloweza masamba khumi. Akatsegula kope lake n'kuwerenganso za kuipa kwa mbiri yapakamwa, kuti wonena amaiwala, amakometsera mbali yake, amasokoneza zaka, mawuwo amakhala ndi nkhope za anthu omwe iye akuwadziwa.

Mphunzitsi wochenjera atha kuwonjeza kuti mu 1997 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la zausodzi lomwe lidavomereza kuti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali posamalira nsomba. Mwana aone yekha kuti a ku Chiuta adayamba lamulolo lisadabwere.

Maboma a Machinga ndi Balaka, omwe adali boma limodzi mpaka 1998, ndi odzadza ndi nkhani zoterezi, ndipo zina zimakhudza mitu ya m'silabasi momwemo.

Ana amaphunzira za kubwera kwa Ayao, malonda a minyanga ndi akapolo, ndi m'mene Angerezi adakhazikitsira ulamuliro wawo. Mfumu Kawinga ya nthawi imeneyo, yomwe idali ndi linga kuphiri la Chikala, idalimbana ndi asilikali a Harry Johnston mpaka idagonja mu 1895. Buku limaifotokoza ngati nkhondo yothetsa ukapolo. Mwana wa kwa Kawinga atafunsa ambuje ake kuti makolo awo ankaisimba bwanji nkhondoyi, n'kuyerekeza ndi za m'bukuzo, ali ndi poyambira pabwino.

Wa pa Ulongwe kapena pa Liwonde ali ndi yake. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965, Henry Masauko Chipembere ndi anthu ake pafupifupi 200 adalanda boma la Fort Johnston, lomwe lero ndi Mangochi, n'kuuyatsa ulendo wa ku Zomba komwe kudali likulu la dziko. Atafika pa Liwonde adapeza chombo choolotsa anthu ndi magalimoto chili tsidya lina la Shire, ndipo ulendowo udathera pomwepo asilikali a boma atafika. Kwa zaka pafupifupi 30 nkhani imeneyi anthu ankaikamba monong'ona, ngati ankaikamba n'komwe. Funso loti n'chifukwa chiyani agogo adakhala chete nthawi yonseyi ndi phunziro palokha la m'mene ulamuliro wa chipani chimodzi udalili.

Palinso njanji yochokera pa Nkaya kukafika ku Nayuchi yomwe idatsegulidwa mu 1970, nkhondo ya ku Mozambique yomwe idaimitsa sitima za ku Nacala n'kubweretsa m'dziko muno othawa kwao oposa 1 miliyoni isadathe mu 1992, ndi njala ya 2002. Mwana aliyense wa m'maboma awiriwa ali ndi wachibale yemwe imodzi mwa nkhanizi idamudutsa pamsana.

Kufunsa akuluakulu n'kulemba si nzeru yobwera ndi azungu a mabungwe. Mbiri yambiri yomwe ili m'mabuku a sukulu idapezeka m'njira yomweyi. Yohanna Abdallah, wansembe wa Chiyao wa mpingo wa Anglican yemwe ankatumikira ku Unangu, m'chigawo cha Niassa, adalemba buku la Chiikala cha Wayao lomwe lidasindikizidwa ku Zomba mu 1919, kuchokera pa zomwe adamva kwa akuluakulu. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, adachita chimodzimodzi polemba Mbiri ya Achewa.

Ku Chancellor College, ophunzira a History ankatumidwa kwao patchuthi kuti akafunse nkhalamba, n'kubwera kudzawerenga zomwe apeza pamaso pa anzawo ndi aphunzitsi awo, omwe ankawapanikiza ndi mafunso. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, akatswiri monga Kings Phiri ndi Megan Vaughan adasonkhanitsa zonena za akuluakulu a Chiyao cha Amachinga m'dera lomweli. Vaughan adadzalembanso buku la njala ya 1949, lotchedwa The Story of an African Famine, lomwe lidatuluka mu 1987, ndipo umboni wina waukulu m'bukumo adautenga m'nyimbo zomwe amayi ankaimba pamtondo.

Ngati nyimbo ya pamtondo idakwanira kukhala umboni m'buku lowerengedwa m'mayunivesite, ndiye kuti anganga omwe akusinja pakhomo ndi laibulale yomwe sukulu yoyendera ili nayo kale osalipira kanthu.

Nanga ngati nzeruyi ndi yabwino chotere, bwanji siidazike mizu?

Dziko lino lidayesapo kangapo kuchepetsa mphamvu ya mayeso a tsiku limodzi. Mu 2002 bungwe lokonza maphunziro la Malawi Institute of Education, la ku Domasi, pamodzi ndi anzake lidayesa njira yoyeza ana pang'onopang'ono chaka chonse m'sukulu 21 za pulaimale m'boma la Ntcheu, loyandikana ndi Balaka. Silabasi ya pulaimale yomwe idayamba mu 2007 idatenga ganizo lomweli. Koma mphunzitsi yemwe ali ndi khwimbi la ana m'kalasi imodzi, monga zakhala zikukhalira chiyambire sukulu yaulere mu 1994, amapezeka akuthera nthawi yambiri polemba malikisi m'kaundula kuposa pophunzitsa.

Mu 2015 boma lidalengeza kuti likuthetsa mayeso a JCE, ndipo omaliza adalembedwa mu 2016. Zifukwa zidali kupulumutsa ndalama komanso kulimbikitsa sukulu kuti zizidziyezera zokha ana awo kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4. Makolo ndi aphunzitsi ambiri adadandaula kuti ana atayirira, poti palibe chowaopsa mpaka chaka chachinayi. Mu 2021 JCE idabwerera.

Zaka zimenezo zidaonetsa chinthu chimodzi: kuchotsa mayeso a bungwe la Maneb popanda kuika china cholemera m'malo mwake kumangosiya dzenje. Mwana, ngakhalenso kholo, amalemekeza ntchito yomwe ili ndi malikisi owerengedwa penapake.

Koma kuika malikisi olemera pantchito yolembera kunyumba nakonso kuli ndi msampha wake, ndipo a ku Zimbabwe adagweramo. Mu 2021 dzikolo lidayamba kuwerengera ntchito zotchedwa CALA, zomwe ana ankachita paokha, ngati malikisi 30 pa 100 aliwonse a mayeso a boma. Sipadatenge nthawi makolo adayamba kulira. Ntchitozo zidali zambirimbiri paphunziro lililonse, zinkafuna intaneti, kusindikiza ndi kugula zipangizo. M'matauni mudabuka anthu olembera ana ntchitozo pamtengo. Mwana wa wolemera ankapereka ntchito yokongola yomwe sadaigwire, wa mphawi n'kupereka yake yamakwinya yomwe adavutikira yekha. Mu 2024 boma la Zimbabwe lidathetsa CALA n'kuikapo ntchito zochepa zoti zizichitikira kusukulu, mphunzitsi akuona.

Ku South Africa, komwe anyamata ambiri a ku Machinga amapita kukasaka maganyu, zinthu zidayenda mosiyanako. Malikisi 25 pa 100 aliwonse a mayeso otsiriza ku sekondale amachokera kuntchito ya kusukulu, ndipo pa History ntchitoyo imaphatikizapo kafukufuku yemwe mwana amachita yekha. Pofuna kuti aphunzitsi asamangomwaza malikisi mokondera, bungwe loona za mayeso la Umalusi limayerekeza malikisi a kusukulu ndi omwe ana a pasukulupo apeza pamayeso a boma, ndipo akatalikirana kwambiri limawakonza. Unduna wa zamaphunziro kumeneko umachititsanso mpikisano wa mbiri yapakamwa wotchedwa dzina la Albert Luthuli, momwe ana amafunsa akuluakulu a kwao n'kukafotokoza pamaso pa oweruza.

Mawu oti “pamaso pa oweruza” ndiwo mankhwala a nkhawa yaikulu ya makolo, yoti mwana akalemberedwa ndi mkulu wake wa ku koleji, kapena masiku ano ndi foni. Chibwerereni ChatGPT kumapeto kwa 2022, yemwe ali ndi foni yamakono ndi bandulo atha kupeza nkhani yonse ya zomwe zidayambitsa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse m'mphindi imodzi, m'Chingerezi chosalala kuposa cha aphunzitsi ake. Mphunzitsi yemwe angapereke funso lotere kuti akalembere kunyumba wadzitchera yekha ndale.

Koma foni siidziwa zomwe gogo wa kwa Ngokwe adaona mu 1995. Itha kupeka, inde, ndipo mwana waulesi naye atha kupeka gogo yemwe kulibe. N'chifukwa chake pepala lokha silikwanira. Mwana akabweretsa ntchito yake ayenera kuimirira kutsogolo kwa kalasi kwa mphindi zochepa n'kuyankha: Mudakawapeza kuti? Adali ndi zaka zingati pa nthawiyo? Adaona okha kapena adangomva? Nanga apa mwalemba kuti adakana, adakana chiyani? M'kalasi momwe theka la ana ndi a m'midzi yoyandikana, wopeka sachedwa kugwidwa. Anzake omwe ndiwo amayamba kuseka.

Malikisi nawo ayenera kugawidwa poyera ntchito isadayambe: akuti pa kufunsa anthu oyenera, akuti pa kusonyeza kusiyana kwa zonena zawo, akuti pa kulumikiza ndi za m'kope, akuti pa kuyankha pakamwa. Kukongola kwa pepala kusakhale ndi malikisi. Tsamba lothothola m'kope, lolembedwa ndi bolopeni, likwanire. Kugawa poyera kotere kumatetezanso mwana, makamaka wamkazi, kwa mphunzitsi yemwe angafune kusandutsa malikisi chinthu chogulitsa.

Vuto lomwe silithetsedwa ndi luso la mphunzitsi ndi la kunyumba komweko. Mawu oti “kalembereni kunyumba” amaganizira kuti kunyumbako kuli tebulo, kuwala ndi nthawi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse m'dziko muno ndiwo ankaunikira magetsi, pomwe oposa theka ankadalira matochi a mabatire. Mtsikana akaweruka amayamba wakatunga madzi, kuphika ndi kulera ang'ono ake. Mnyamata wa m'mbali mwa nyanja amayembekezeka kukathandiza kuonjola matchera m'bandakucha, kapena kuingitsa mbalame kumunda wa mpunga. M'chipinda cholembera mayeso, ngakhale ndi choopsa, mwana wa mphunzitsi ndi mwana wa msodzi amapatsidwa desiki imodzimodzi ndi ola limodzimodzi. Chilungamo chimenechi si chochitaya mwachibwana.

Komabe pa funso lofuna kufunsa akuluakulu, sikelo imapendekera kwina. Mwana wa pa Balaka tauni yemwe kwao kuli magetsi ndi wailesi yakanema, koma agogo ake ali kutali ku Mzimba, ayenera kutuluka kukagogoda pakhomo la eni dera. Wa kumudzi, yemwe amagona nyumba imodzi ndi anganga ake, umboni ali nawo pamkeka pomwepo. Ndi kawirikawiri sukulu imayeza zinthu zomwe mwana wa m'tauni ali nazo kale, koma pano wakumudzi ndiye wayamba patsogolo.

Za kuwala ndi nthawi zili ndi pozembera pake. Kufunsa kuchitike kunyumba Loweruka masana, mwana alembe mfundo zake mwachidule, koma kulemba kwenikweni kuchitikire m'kalasi, mfundozo ndi kope zili patsogolo pake. Apa njira ziwiri zija, yopita nayo kunyumba ndi yotsegula kope, zakumana. Kwa ana ochita lendi pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira okha, omwe kwao amapitako mwa apo ndi apo, funso lotere liperekedwe potsekera teremu. Ndipo asungwana asatumidwe okhaokha kunyumba za abambo achilendo. Apite awiriawiri kapena afunse a pabanja pawo.

Pali nkhani ya chilankhulo. Gogo ayankha m'Chiyao, m'Chilomwe kapena m'Chichewa, pomwe History imalembedwa m'Chingerezi. Ena angaone ngati chopinga, koma mwana yemwe wavutika kufunafuna mawu a Chingerezi oti anenere zomwe ambuje ake atanthauza waphunzira Chingerezi chochuluka kuposa wokopera chiganizo cha pabolodi chomwe sakuchimva. Paja popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE siituluka.

Mphunzitsi ayeneranso kudziwa pomwe pali minga. M'dera lomwe mudadutsa malonda a akapolo, funso loti banja lakutilakuti lidafika bwanji pamudzi pano litha kutokosa zilonda zomwe anthu adazikwirira dala. Mikangano ya ufumu ndi ya malire a minda nayo imabisala m'mbiri. Mwana asatumidwe kukafukula zomwe zikayambanitse mabanja, ndipo wofunsidwa ali ndi ufulu wokana kapena wopempha kuti dzina lake lisatchulidwe m'kalasi. Kudziwitsa mfumu ndi komiti ya makolo ana asadayambe kuyenda ndi makope m'mudzi ndi ulemu womwe umatsegula makomo ambiri.

Katundu wolemera kwambiri agwera mphunzitsi. Kuchonga mafunso osankha yankho n'kosavuta, ngakhale mwana wa Fomu 4 atha kuthandiza. Koma titenge kalasi ya ana 90, aliyense walemba masamba awiri: amenewo ndi masamba 180 a zolemba zosiyanasiyana, zopanda yankho limodzi loti n'kungoyerekeza. Aliyense akapatsidwa mphindi zitatu zoyankha pakamwa, zikwana mphindi 270, pafupifupi mapiriyodi 7 a mphindi 40. Mphunzitsi yemweyo ali ndi makalasi ena, mwinanso akuphunzitsa phunziro lachiwiri lomwe sadaliphunzire ku koleji, ndipo silabasi ikumuthamangitsa.

Choncho yemwe angauze mphunzitsi wa kwa Chikweo kuti azichita zimenezi sabata iliyonse ndiye kuti sadaimepo kutsogolo kwa kalasi. Kamodzi pa teremu, ana ali m'magulu a asanuasanu, gulu lililonse ndi funso lake koma aliyense n'kulemba tsamba lakelake, ndi zotheka. Magulu 18 pa mphindi zisanu lililonse ndi mphindi 90, mapiriyodi awiri ndi pang'ono.

Kuloweza nakonso sikungathe, ndipo sikuyenera kutha. Mwana yemwe sadziwa kuti chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidayamba mu 1953 n'kutha mu 1963 sangamve zomwe gogo akutanthauza akamati “nthawi ya Welensky”. Tsiku la MSCE adzalowa m'chipinda opanda kope, wapolisi ali pakhomo, ndipo giredi yomwe adzapeze, pakati pa 1 ndi 9, ndi yomwe idzamutsegulire kapena kumutsekera khomo la koleji. Mphunzitsi yemwe angasiye kukonzekeretsa ana tsiku limenelo wawalakwira iwo ndi makolo awo omwe amagulitsa mbuzi kuti mwana aphunzire.

Koma pakati pa Fomu 1 ndi Fomu 4 pali materemu 12, ndipo mayeso ambiri a m'katimu amakonza ndi aphunzitsi eni ake, osati a Maneb. Palibe chifukwa choti onsewo akhale chithunzi cha MSCE. Ndiponso mafunso olemba nkhani pa MSCE amafuna mwana wodziwa kufotokoza chifukwa, kusanja mfundo ndi kuikira umboni, lomwe ndi luso lomwelo lomwe amalinola pokangana ndi zonena za anthu awiri a padooko.

Kwa kholo, mwana akabwera Lachisanu ndi funso lotere, ntchito si kumulembera kapena kumufunira wolemba. Ndi kumuuza kuti m'mudzi muno wodziwa nkhani imeneyi ndi uje, apite ndi ulemu, agwade, apereke moni, asathamangire kutulutsa bolopeni, ndipo akamaliza athokoze. Ngati khololo lidaona lokha zomwe zikufunsidwazo, linene zomwe lidaona, n'kusiyanitsa ndi zomwe lidangomva.

Msodzi yemwe adali ndi zaka 30 pomwe nkacha inkachotsedwa pa Chiuta adabadwa mu 1965, ndipo ambiri a msinkhu umenewo akadapezekabe m'madooko akusoka matchera. Yemwe adali ndi zaka 15 usiku womwe anthu a Chipembere adaima pagombe la Shire pa Liwonde adabadwa mu 1950. Wokumbukira njala ya 1949 ali mwana wa zaka khumi ndi wa 1939, ndipo m'midzi yambiri ya kwa Kawinga ndi kwa Kalembo otere atsala owerengeka pa zala.